Tsiku Limene Boti la a Fackson Linalawa Madzi

Masiku amenewo mukafika ku Highfield, lokeshoni ya ku Salisbury, n'kufunsa nyumba ya a Fackson Alufandika, anthu ankangoyang'anana. Koma mukati, "Ndikufuna nyumba ya boti," ngakhale mayi wogulitsa tomato pa msika wa Machipisa ankakulozerani ndi mlomo: tsikani ndi msewu uwu, mukadutsa mpopi mukhotere kumanzere, mukaliona lokha.

Linalidi boti. Lobiriwira, lachitsulo chopepuka, lokhazikidwa pa njerwa pakati pa mtengo wa mapichesi ndi khola la nkhuku. Madzi amene linkawadziwa anali a mvula basi, ndipo thadzi lina lofiira linkaikira mazira kunsi kwa mpando wake wapakati.

A Fackson anabadwira kumapiri a Dedza, kumene madzi akuya kwambiri ndi a m'chitsime. Ku Salisbury anabwera ali mnyamata, kwina wapansi, kwina pa lole, bulangete lili paphewa. Anayamba ndi kupalira fodya m'mafamu, kenaka anapeza ntchito ya m'dimba kwa mzungu wina wa ku Hatfield wokonda kuwedza. Botilo ankalitsuka ndi iwo, kulikweza pa galimoto ndi iwo, kulitsitsa ndi iwo. Kukweramo ayi. Nkhondo ya ufulu itafika povuta, mzungu uja anamanga katundu wa ku Joni, boti n'kukana kulowa m'galimoto.

"Tenga, Fackson," anatero mzunguyo. "Inu a ku Nyasaland ndinu anthu a m'madzi."

"Inde, bwana," anayankha a Fackson.

Mphatso saikana chifukwa cha bodza la mwini wake. Vuto linali lakuti ndi Ashona oyandikana nawo omwe ankaganiza chimodzimodzi. Kwa iwo Mmalawi aliyense anabadwira m'bwato, nsomba ili kukamwa. "Achimwene, nsomba tidya liti?" ankafunsa podutsa pa mpanda. A Fackson poyamba ankangoseka. Kenaka anayamba kuyankha kuti nyengo sinakwane. Pofika chaka chachiwiri anali atayamba kusimba za mafunde otalika ngati basi, ndipo ena ankabwera ndi mipando yawo kudzamvera. Amene ankadziwa kuti bamboyu ngakhale podutsa pa mlatho wa kamtsinje ka Mukuvisi amayenda pakati penipeni anali akazi awo okha, mayi Febbie.

Chuma chenicheni sichinali boti, chinali mota yake. Sinali ya petulo ayi, inali ya magetsi: ndodo yaitali ngati mpini wa khasu, kumwamba mutu wokhala ndi chogwirira chopotokola, kumunsi kapulopela ka mapiko awiri. Kumutuko kunkatuluka mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, ndipo kumapeto kwa aliyense kunali chopanira cha mano ngati kamwa la ng'ona, choluma pa batire. Nthawi imeneyo petulo ankagulira makuponi, a magalimoto akugona pamzere. A Fackson ankadutsa pamzerepo pa njinga, mapewa ali m'mwamba. "Yanga sidya petulo," ankatero.

Motayo sinkagona panja. Inkaima pakona m'chipinda chochezera, pambali pa kabati ya mbale, itavala kadoilo koluka kumutu ngati mayi wa Chigwirizano. Tsiku la Khirisimasi ankaitulutsa, kubwereka batire kwa mwini lole ya nkhuni, n'kuimiza m'diramu la madzi. Akapotokola chogwirira madzi ankayamba kuvina, anthu a mzere wonse wa nyumba zawo n'kuomba m'manja. Ikatha pamenepo inkabwerera pakona pake.

Mayi Febbie nawo anali ndi mbiri yawo. Khonde lawo linkawala polishi wofiira moti anthu ankati ntchentche ikaterapo imaterereka mpaka kumsewu. Chilichonse chosayenda m'nyumba mwawo chinkapakidwa polishi: miyendo ya tebulo, mphika wa maluwa, njerwa zokhazikapo boti. A Fackson ankati n'chifukwa chake iwo sakhalitsa pampando.

Nkhani inavuta chaka cha 1978, mwana wawo Dolly atanena kuti pali munthu. Munthuyo anali Severino, wokonza mapulaimasi ndi njinga pansi pa mtengo pa Machipisa. Anachokera ku Tete, m'mbali mwa Zambezi, atathawa nkhondo ya Apwitikizi ndi mayi ake okha. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, zala zake zakuda ndi mwaye. A Yosiya, mlongo wawo wa mayi Febbie, amene monga malume ndiwo anali ankhoswe, anamuona n'kumukonda. Mayi Febbie anamukonda atakonza pulaimasi yawo osasiya dontho la parafini pakhonde. Okana anali a Fackson.

"Kwawo tikukudziwa ife? Mudzi wake unapsa, abale ake sitinawaone. Mawa zikadzavuta tikadandaule kwa yani, kwa mtengo wa pa Machipisa?"

"Alamu, mwanayu ndi mbumba yanga," anatero a Yosiya. "Kumudzi bwenzi inu mukungomva kuti zatha."

"Kuno si kumudzi. Pa chitupa cha nyumba ino pali dzina langa."

Dolly anasiya kuimba potsuka mbale. Nyumba ikakhala ndi mwana woimba n'kusiya, chete wake amalasa. A Yosiya, munthu wodziwa kusaka, anabwera ndi nzeru ina. Iwo ankaphika pa famu ina kutsidya kwa mtsinje wa Hunyani, ndipo pa famupo panali damu. Bwana wake anali atapita ku usilikali, dona n'kuvomera kuti achibale a kuki abwere Loweruka adzaonetse boti lawo.

"Mnyamatayu mukamuyese pamadzi, poti inu ndi katswiri," anatero a Yosiya pamaso pa anthu oyandikana nawo. "Mukamuona kuti ndi munthu, mukavomere. Mukamuona kuti si munthu, ine ndikamuuza ndekha kuti asadzapondenso pano."

A Fackson anayang'ana alamu awo, n'kuyang'ana anthu aja, amene anali atayamba kale kufunsana za malo pa lole. Pothawira panalibe.

"Chabwino," anatero. "Madzi sanama."

Lachisanu mayi Febbie anachotsa thadzi m'boti, n'kutsuka botilo ndi sopo. Atatero anadzitsekera ndi mota m'chipinda tsiku lonse. Chinthu chopita pagulu, anatero, chisakatichititse manyazi.

Loweruka m'mawa lole ya nkhuni inanyamula boti, mota yokulungidwa m'chitenje, ndi theka la mzere wawo, amayi atanyamula mabeseni olandirira nsomba. Pa lodibuloko asilikali anatsitsa aliyense, kuona zitupa, n'kumazungulira mota ija akuiyesa mfuti ya mtundu watsopano. Mmodzi anafunsa kuti zipolopolo zimalowera pati. A Fackson anafotokoza mpaka thukuta, ndipo pamene ankaloledwa kupita dzuwa linali litapendeka kale.

Damulo linali lalikulu kuposa mmene a Fackson ankaganizira. Tsidya lake kunali mitengo ya bulugamu ndi khoma, pakhomapo kanyumba ka alonda a mfuti.

"Tisachedwe," anatero a Yosiya. "Kuno dzuwa likangokhudza mabulugamu aja aliyense akhale ali m'komboni. Alonda aja safunsa dzina."

Anamangirira mota kumbuyo kwa boti, n'kukwezamo batire la lole. Severino anayang'ana m'boti, n'kunong'oneza a Yosiya. Mwambo ndi umenewo: wofunsira mbeta salankhula ndi bambo a mkazi maso ndi maso, amadzera kwa ankhoswe.

"Akuti nkhafi zili kuti?" anatero a Yosiya.

Nkhafizo zinali ku Highfield, zikuchirikiza denga la khola la nkhuku.

"Muwauze kuti boti la injini silifuna nkhafi," anayankha a Fackson.

Anakwera atatu: a Fackson kumbuyo pa mota, a Yosiya pakati, Severino kutsogolo atayang'ana kumbali mwaulemu. Amuna a pamtunda anakankha ndi mphamvu zonse, amayi n'kululutira. Boti linaseseleka bwinobwino, kamphepo n'kulilandira. A Fackson anadikira kuti afike poonekera kwa onse, anakonza chipewa, n'kupotokola chogwirira.

Zii.

Anapotokolanso. Anabweza, napotokola mbali inayo. Anaimenya mota kumutu ndi chikhatho monga amachitira ndi wailesi. Kapulopela kanali phee pansi pa madzi, ndipo mtunda unkapita kutali, mabeseni a amayi aja akuchepa.

"Alamu, tayatsani tizipita," anatero a Yosiya.

"Ndayatsa."

"Ndiye tikupita?"

"Mphepo ndi imene ikupita."

Apa a Fackson anayang'ana m'madzi, n'kuona kuti pansi sipakuoneka. Anadzambatuka kuti aimirire, kaya amafuna kupita kuti, boti n'kupendama mpaka madzi anabwera kudzalonjera m'mphepete. A Yosiya anakuwa dzina la mayi awo. Severino anangotsetsereka n'kukhalira mbali inayo, boti n'kukhazikika. Anali ataona mmene bambowo anadzambatukira. Mwana wa pa Zambezi sangalephere kuzindikira munthu amene sanakwerepo bwato.

"Amalume," anatero motsitsa, "muwauze bambo kuti maboti achizunguwa amasiyana ndi a kunyanja kwawo. Awa amafuna munthu akhale pansi."

"Akuti mukhale pansi."

"Ndamva. Ndimaliyesa dala," anatero a Fackson, atagwira m'mphepete ndi manja onse awiri.

Mantha akachepa amasanduka ukali. "Pali amene wagwira mota yanga! Pa Khirisimasi imayenda ngati wotchi. Ndikamupeza ameneyo, ndikamuimika pamaso pa anthu onse ali apowa, anene chimene ndinamulakwira. Ndalumbira!"

Mawu pamadzi amayenda. Kumtunda anamva, ndipo wina anakuwa kuti, "Achimwene, mafunde akula?"

"Amalume," anateronso Severino, "muwapemphe bambo ngati angalole kuti ndione batire."

"Batire latha," anatero a Fackson osadikira ankhoswe. "Asilikali aja analigwiragwira."

"Alamu, dikirani ndikuuzeni kaye, ntchito yanga musandilande. Akuti aone batire."

Boti lake linali lalifupi moti Severino akanatha kuwakhudza a Fackson ndi phazi, koma mawu onse ankayenda ulendo wodzera pakati. Anasinthana malo ndi a Yosiya mokwawa. Severino anatulutsa kawaya m'thumba, nakhudzitsa mitu iwiri ya batire mothamanga. Thetheee! Moto wabuluu.

"Akuti batire lili moyo."

"Ndaona ndekha, ndili ndi maso."

Kenaka anapempha kuti mota aitukule. Mwina ulusi wa mbedza kapena udzu wakulunga pulopela, zimachitika. Anaizunguza ndi chala, inazungulira mosavuta. Anatsegula mutu ndi nsonga ya mpeni, nayang'ana swichi, nauzira. Munali mouma, moyera ngati m'kabati ya mayi Febbie. Anatsata waya wofiira ndi zala kuchokera kumutu, akuupinda pang'onopang'ono kuti amve ngati waduka m'kati. Anatsatanso wakuda. Onse anali amphumphu. Uku dzuwa linali likutsikira mabulugamu, ndipo pakhoma paja munthu wina anali atatuluka m'kanyumba, chinthu chachitali chili paphewa.

"Mwana wanga, fulumira," anatero a Yosiya. "Ine ndili ndi nyama pamoto."

Panatsala zopanira. Severino anachotsa chofiira pa batire, nachikanula.

A Fackson ankamuyang'anitsitsa, ndipo anaona msana wake ukuuma. M'mano monse mwa chopaniracho munali mutadzaza zofiira, zonenepa, zosalala bwino ngati khonde la Lamlungu. Chakuda chimodzimodzi. Chitsulo sichinkakhudza chitsulo n'pang'ono pomwe. Magetsi akanadutsa pati?

Severino anayang'ana kumtunda, kumene mayi Febbie anaima patsogolo pa anzawo, dzanja lili pachipumi, Dolly ali pambali pawo. Kenaka anatembenuka, kuwapatsa msana akuluakulu, chinthu chimene sanachitepo tsiku lonse. Anapala mano aja limodzilimodzi ndi mpeni, napukuta ndi kunsi kwa malaya ake, zopalazo n'kuzitsukira m'madzi.

"Wapeza chiyani?" anafunsa a Yosiya.

"Dzimbiri, amalume."

A Yosiya anakoka mpweya ndi mphuno. "Dzimbiri lonunkhira chonchi?"

"La ku Salisbury limatero, amalume."

A Fackson sanafunikire ankhoswe pamenepo. Fungo limenelo ankadzuka nalo, kugona nalo, kuyambira chaka chimene anakwatira. Anakumbukira chitseko chotseka cha Lachisanu. Anakumbukiranso lumbiro lawo, limene mzere wonse unalimva. Mnyamatayu akanangokweza chala chofiiracho m'mwamba, bwenzi atadziyeretsa, ataonetsa nzeru zake, ndipo mayi Febbie bwenzi akutchedwa Mai Polishi pa Machipisa mpaka kumanda. Ashona dzina akakupatsa silichoka ndi sopo.

Severino analumitsa zopanira pa batire, nazigwedeza kuti mano alowe, n'kubwerera kutsogolo mokwawa. Chogwirira sanachikhudze.

"Amalume, muwauze bambo ayesenso. Mota imadziwa dzanja la mwini wake."

A Fackson anapotokola. Pansi pa madzi panamveka kulira kochepa ngati kwa njuchi, boti n'kugwedezeka, n'kuyamba kuyenda. Kumtunda nthungululu zinabuka. Koma linkalunjika kukhoma kwa alonda.

"Amalume, muwauze bambo kuti achizunguwa ukafuna kumanja umakankhira kumanzere."

"Zimenezo ndiye ndikuzidziwa," anatero a Fackson, ndipo anakankha. Boti linakhota mokongola moti iwo eni anadabwa. Anazunguliranso kachiwiri, dala tsopano, chipewa chili m'mwamba. Mlonda uja anatsitsa mfuti n'kubayibitsa.

Ali pafupi kufika, a Fackson anatsokomola.

"Alamu."

"Ee?"

"Muwauze amkamwini kuti malaya awowo apinde kunsiko. Aonekera."

A Yosiya anatembenuka. "Mwati ndiuze yani?"

"Mwagontha? Ndati amkamwini."

"Iwe, akuti upisire malaya. Zinazo wamva wekha, ine sindibwereza, angasinthe maganizo."

Severino anapisira malaya m'buluku, maso ali pansi, koma makutu ake ankaseka.

Pamtunda anthu anawalandira ngati abwera ku Joni. Za nsomba palibe anafunsa, kupatula mayi mmodzi amene anati beseni lake labwera kudzaona dziko. Dolly anayang'ana amalume ake, a Yosiya n'kugwedeza mutu kamodzi, mtsikana n'kuthawira kuseri kwa lole. Mayi Febbie ndiwo anafika ndi funso.

"Bambo a Dolly, chinachitika n'chiyani pakati paja? Mwati mumuimika pagulu ndani?"

Anthu anatchera khutu kudikira dzina.

"Dzimbiri," anatero a Fackson. "Ndaliimika kale, lapepesa."

"Dzimbiri?" Mayi Febbie anagwira m'chiuno. "Pa chinthu chimene ndachisamala ndekha dzulo lomweli? Ndiye kuti polishi anachepa. Tikafika ndikaipakanso."

A Yosiya anayamba kutsokomola kosalekeza mpaka anakagwira lole. Severino ankayang'ana mabulugamu ngati sanaonepo mtengo.

"Ayi, mayi a Dolly, musavutike," anatero a Fackson msangamsanga. "Motayi sibwereranso kwathu. Ndaipereka kwa ana, ikhale yoyambira banja."

Umu ndi mmene mzere wonse unamvera kuti ukwati ulipo. Anakwera lole mothamanga dzuwa lisanakhudze mitengo, batire analibwezera m'malo mwake, ndipo Dolly anaimba njira yonse, ndi pa lodibuloko pomwe.

Ukwati unachitika mvula isanagwe. Mota inasamukira m'kachipinda ka Severino ndi Dolly, ndipo mayi Febbie akapita kukacheza, mkamwini wawo amaibisa kunsi kwa bedi, zopanira atazimanga m'kathumba. Boti linabwerera pa njerwa zake, thadzi lofiira n'kubwereranso pansi pa mpando. A Fackson sanakwerenso, akuti anaonetsa kale zimene amafuna kuonetsa. Nkhani za mafunde otalika ngati basi anazisiya. Tsopano amasimba za damu la kutsidya kwa Hunyani, ndipo damulo limakula chaka ndi chaka. Akafika pa dzimbiri, mayi Febbie amayankhira ali chogwada pakhonde, nsanza yofiira ili m'manja:

"Ndipo musamaseke. Dzimbiri la kuno ndi loipa zedi."